KODI MTHUNZI UTSALE KUMANDA KOKHA KUNO KU ULONGWE?

Lero sindilemba za mtengo wa feteleza kapena za mavenda a nandolo amene amatibera pa sikelo. Zimenezo tidzakambabe. Lero ndabwera ndi nkhani ya malo, ndipo ndikudziwa kuti ena mukwiya nane chifukwa ikukhudza anthu amene timadyera nawo mbale imodzi. Kwiyani ndithu, koma muwerenge kaye mpaka kumapeto.

Ulongwe akukula, tonse tikuona. Yendani pa msewu wa M3 kuchokera ku Liwonde kulowera ku Mangochi. Chiukonzereni msewu umenewu, mbali zonse ziwiri kwadzaza timashopu, zigayo, malo ogona alendo ndi mipanda ya njerwa. Paliponse pamene panali tchire lero pali zikhomo zinayi ndi mulu wa mchenga. Mawu oti puloti ife tili ana tinkangowamva kwa anthu obwera kuchokera ku Limbe. Lero ngakhale mwana wa Sitandade 3 akudziwa kuti puloti ya m'mbali mwa tala ndi yodula kuposa ya kuseri. Musandimve molakwa, ine chitukuko ndimachifuna. Ndimakondwa kuti ndikasowa misomali kapena mankhwala a thonje sindikweranso minibasi mpaka ku Balaka. Koma ndikufunsa: pa kukula konseku, ndani wasiyako malo oti munthu wosauka akhale pansi osalipira?

Tiyambe ndi bwalo. Mudzi uliwonse kuno unali ndi bwalo lake. Pamenepo anyamata ankamenya mpira wachikulunga, atsikana phada ndi fulaye, pamenepo pankavinidwa beni ndi manganje, pamenepo a mfumu ankaweruza milandu pansi pa mkuyu kapena mlambe. Bwalolo silinali la munthu mmodzi, ndipo n'chifukwa chake likutha msanga, poti chinthu cha tonse chimasowa wochilirira. Munda wa munthu ukadyedwa phazi limodzi m'malire, nkhani imafika kwa a gulupu tsiku lomwelo, anthu zikwanje zili m'manja. Koma bwalo likamadyedwa aliyense amangoti kaya, akudziwa ndi eni mudzi. Chaka chino wina wamanga kanyumba kuseri kwa golo, akuti n'kongoyembekezera. Chaka chamawa kanyumba kaja kali ndi khonde, chimbudzi ndi mpanda. Chaka chinacho mnzake wamanga mbali inayo, poti woyamba uja sanaletsedwe. Ndikudziwa mudzi wina, sindiutchula, kumene womenya kona amaima pakhomo pa bafa la munthu. Mpira ukagwera mu mpanda mwini nyumba amauboola ndi mpeni. Ana aja tsopano akusewera m'mbali mwa tala, pamene malole ndi maminibasi a ku Mangochi amathamanga ngati akuthawa nkhondo. Tsiku limene mwana adzagundidwe tidzati wamulodza ndi agogo ake, eti?

Za kutentha kwa kuno simufuna kuuzidwa. Okutobala ndi Novembala dzuwa limaotcha mpaka nsapato ya pulasitiki kufewa kuphazi. Ndiye taonani amene amakhala padzuwapo tsiku lonse. Ndi amayi ogulitsa tomato, mandasi, chinangwa ndi kambuzi wa ku Malombe, mwana ali kumbuyo. Ndi anyamata a kabaza odikira okwera. Ndi agogo amene analawira m'bandakucha kupita ku chipatala ndipo akudikira chokwera chobwerera. Mwini shopu ali ndi khonde la malata ndi fani mkati, koma ukakhala pakhonde pakepo kanthawi osagula kanthu, diso lake lokha limakudzutsa. Mtengo sudzutsa munthu. Mtengo sufunsa ngati wagula Fanta. Komatu mtengo ndi umene umayamba kugwa munthu akangogula puloti. Ati ukutchinga chikwangwani cha shopu, ati mizu ing'amba maziko, ati masamba akudetsa pabwalo. Mango amene anabzala makolo athu akuthera mu uvuni wa njerwa. Inu amene munaona njala ya 2002 ndi ya 2005 mukudziwa mabanja amene anapulumukira mango aawisi ophika, nkhokwe zili gwa. Mtengo umene unatenga zaka 40 kuti ukule ukupsa usiku umodzi kuotchera njerwa za mpanda, mpanda wake wotchinga nyumba imene mwini wake amadzagonamo pa Khirisimasi kapena pa Idi basi.

Dambo nalo likupita. Ku dambo n'kumene tinkadyetsa mbuzi ndi ng'ombe chilimwe, n'kumene amayi ankamweta udzu wofolera ndi kukumba dothi lozirira m'nyumba. Lero mukumva milandu ya mbuzi zodya mbewu za aneba yachuluka, ena mpaka kuthyolerana miyendo ya ziweto. Mbuzi sizinasinthe khalidwe ayi, zasowa kokadya. Njira zachidule zopita ku mjigo, ku sukulu ndi ku madimba zatsekedwa ndi mipanda, mayi wosenza ndowa akuzungulira mtunda wautali chifukwa wina wa ku tauni wagula pamene panali njira. Ngakhale akuluakulu a chinamwali akudandaula kuti tchire loika ndagala likusowa, anamwali akuyandikana ndi nyumba za anthu.

Mukafuna kuona mmene Ulongwe ankaonekera kale, pitani kumanda. Muyang'ane mudzi uliwonse muli patali, pamene mukuona mitengo yowirira yachilengedwe, dziwani kuti pagona anthu. Pamenepo nkhwangwa sifika chifukwa timaopa. Ndiye kuti akufa tawasungira mthunzi, amoyo tawasiya padzuwa. Pa maliro penipeni, anthu obwera kudzakhuza akumakanganirana kamthunzi ka khoma, ndipo banja losauka likukakamizika kubwereka tenti yolipira pamene kale mitengo iwiri ya mango inkakwanira mudzi wonse. Zimenezi zimandiwawa ine.

Tsopano ndilankhule ndi inu a m'tauni, achimwene ndi alongo anga, chifukwa inu ndi amene mukudziwa bwino kumene njira imeneyi imathera. Lilongwe anakhala likulu mu 1975, ndipo omanga mzindawo anasiya mitengo yambiri pakati pa ma Area. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mu mzindamo, ndi 800,000 mu Blantyre. Nanga zobiriwira zija zatsalira ndani? Pitani ku Area 10 kapena ku Area 43, msewu wonse mthunzi wokhawokha, kapinga akuthiriridwa ngakhale mu Okutobala, mbalame zikulira ngati kumudzi. Kenako pitani ku Mtandire, kumene kwangogundana ndi Area 47, kapena ku Mgona ndi ku Chinsapo. Nyumba khoma ndi khoma, mwana akusewera pa ngalande ya madzi oipa. Mzinda ndi umodzi, dzuwa ndi limodzi, koma mthunzi unasankha mbali. Pakati pa tauni pali bwalo la gofu, lalikulu kuposa minda ya mudzi wathu wonse, koma mlonda amene amalondera pageti mwana wake sanapondepo. Ena atsegula malo a maluwa amene mukuwatcha ma garden, kumene mumalipira kuti mukajambulitse zithunzi za ukwati. Zithunzizo mumatitumizira pa WhatsApp, ife n'kumati koma ku tauni n'kokongola. Kukongola kolipira pageti! Udzu womwe uja ife timapalira m'munda, kumeneko kuukhalira mpaka utulutse ndalama.

Mu 2021 tinamva pa wailesi anthu a ku Lilongwe akulira mitengo ikuluikulu imene inadulidwa pa msewu wa Kenyatta pofuna kuukulitsa. Analira ophunzira, analemba m'manyuzi ndi pa Facebook pomwe pano. Anachita bwino kulira. Koma ine ndinadzifunsa kuti kodi mitengo ya ku Ulongwe ikamagwa amalira ndani? Ena mwa olira aja ndi omwewo amene akabwera kumudzi amalamula anyamata kuti dulani zonsezi, ndikufuna pakhale poyera.

Ku Blantyre nkhani yake ndi ya misozi. Akuluakulu amene munagwirako ntchito kale mukukumbuka phiri la Ndirande lili ndi nkhalango. M'zaka za m'ma 1990 linametedwa mpala. Phiri la Soche anthu anakwera nalo ndi nyumba mpaka m'mwamba. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atabwera, matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukwirira anthu ku Chilobwe ndi madera ozungulira, mabanja athunthu kutha. Ine sindingaloze chala anthu amene anafawo. Munthu samanga pa phiri chifukwa chokonda kukwera, amamanga pamenepo chifukwa pansi ponse pagulidwa ndi a ndalama. Mzinda ukamakula popanda wonena kuti apa ayi, apa tisiye, wosauka ndi amene amakankhidwira m'phiri ndi m'khwawa, ndipo ndi yemweyo amene madzi amamupeza. Kuno tilibe phiri ngati Soche, koma tili ndi madambo ndi mitsinje yothira mu Shire. Amene akugulitsa mapuloti m'dambo chilimwe sauza wogula kuti Januwale pamenepo pamadutsa madzi. Madzitu saiwala khwawa.

Komabe mu Blantyre momwemo muli Njamba. Papa John Paul II anachitira misa pamenepo mu Meyi 1989, ndipo chiyambire ndale za zipani zambiri chipani chilichonse chikafuna kuonetsa kuti chili ndi anthu chimathamangira pa Njamba. Anyamata a m'makomboni amamenyerapo mpira, ampingo amachitirapo misonkhano. Bwanji malo amenewo alipo mpaka lero? Chifukwa wina wake kalekale sanawadule mapuloti. Palibe chozizwitsa china. Malo otere samera okha tauni ikakula, amasiyidwa tauni isanakule. Ikakula, kuti upeze bwalo uyenera kugwetsa nyumba za anthu, ndipo palibe amene angalole.

Inu ana athu a ku Joni, ndikudziwa kuvutika kwanu, sindikunyozani. Ambiri mwa inu mukugwira ntchito m'mayadi a anthu ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kutchetcha kapinga, kuthirira maluwa, kusesa masamba a mitengo ya mabwana. Inu nomwe mumatiuza kuti Sandton ndi Alexandra zayang'anana, pakati pangodutsa msewu, uku nkhalango ya mitengo, uku malata okhaokha. Madzulo mukaweruka mumachoka kobiriwira kuja n'kukagona kwa malata. Ndiye chimene chimandidabwitsa n'chakuti ndalama imene mwaipeza posamalira mitengo ya eni ake, mukuitumiza kuno kudzadula mitengo ya kwanu. Mukugula puloti pa foni, simunaione n'komwe, m'bale wanu wangokutumizirani chithunzi cha zikhomo. Simufunsa kuti kodi pamenepa panali chiyani. Mwina ndi pomwe inuyo munaphunzirira mpira. Mukumanga Alexandra kwanu ndi manja anu, kenako mudzati kumudzi kwatentha sindingakhaleko.

Wina anena kuti akulu inu mukulira chiyani, si apa muli ndi Liwonde National Park pakhomo penipeni? Zoona, nkhalango ili pafupi, ndipo alendo ena opita ku Mvuu amakhotera pa Ulongwe pompano. Malo amenewo anakhazikitsidwa mu 1973, ndi aakulu kuposa masikweya kilomita 500. A African Parks atayamba kuyendetsa mu 2015 anazunguliza waya, ndipo tinene zoona, wayayo wathandiza, njovu sizikulowa m'minda ngati kale. Anabweretsamo mikango mu 2018. Njovu zitachuluka anazinyamula pa malole, zina ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zina 263 ku Kasungu mu 2022. Ine ndilibe nazo mlandu zimenezo, ndipo amene amadula waya uja kukatchera misampha ndimatsutsana nawo poyera. Koma nkhalango ya mikango si malo oti agogo akapumeko pochokera ku chigayo. Si malo oti ana akamenye mpira akaweruka ku sukulu. Ndi yobiriwira, inde, koma ndi yoonera patali kapena yolowa ndi galimoto ndi tikiti. Chimene ndikuphunzirapo ine ndi china: dziko lino linatha kukhala pansi n'kunena kuti nyama zikufunika malo ake, tilembe malire, tiike waya. Njovu zikapanikizana zimapezeredwa kwina. Nanga ana a anthu akapanikizana? Tikulephera kuwalembera malire a ekala imodzi kapena awiri pa mudzi?

Ndikudziwa yankho lina limene libwere, ndipo limeneli ndi lolemera: mthunzi sadya. Munthu akugulitsa malo chifukwa mwana wasankhidwa ku sekondale fizi palibe, mayi akudwala, thumba la feteleza lakwera mtengo kuposa mbuzi. Ndine mlimi, ndikuzidziwa zimenezo, sindikuziwerenga m'buku. Munthu akagulitsa chigawo cha munda wake pa vuto, ine ndilibe mawu, ngakhale ndaona ambiri ndalama ya malo ikuthera pa njinga yamoto imene inafa chaka chisanathe. Koma zimenezo ndi zake. Nkhani yanga ili pa malo amene si a munthu: bwalo, dambo, njira, mitengo ya pamsika, m'mbali mwa mtsinje. Amene akugulitsa zimenezi kawirikawiri si wosauka uja. Wosauka alibe chidindo. Ndipo ndalama yake sitimva kuti yagula mabuku a sukulu kapena yakonza mjigo. Timangoona nyumba ina yafoleredwa malata atsopano.

Ena akuti anthu tachuluka, tikhala kuti? Tachulukadi. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno, wa 2008 anapeza 13 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Boma la Balaka lokha, limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998, linali ndi anthu oposa 430,000 mu 2018. Koma kuchulukako ndiye chifukwa chenicheni chosungira bwalo. Kale mwana akasowa bwalo ankasewera pakhomo, poti pakhomo panali potakasuka, kuseri kuli tchire. Lero puloti ndi nyumba, chimbudzi ndi chingwe choyanikira zovala, basi. Wolemera adzamanga mpanda waukulu, adzabzala kapinga wake mkati, ana ake adzasewera momwemo. Wa lendi wa chipinda chimodzi mwana wake adzapita kuti? Ku mavidiyo ndi ku timasacheti ta mowa. Kenako ife tomwe tidzakhala pa msonkhano n'kumati ana a masiku ano ndi osamva.

Kwa mafumu athu ndilankhula mwaulemu, chifukwa ndinu makolo athu, ndipo alipo ena mwa inu amene akana ndalama zambiri pofuna kusunga malo a mudzi, Mulungu awadalitse. Koma pa mwambo wathu mfumu ndi msungi wa malo, si mwini wake. Kale mlendo akapatsidwa pokhala ankabwera ndi nkhuku kudzathokoza. Lero kukubwera envulopu usiku, m'mawa tingoona zikhomo. Nthawi zina si mfumu yomwe, ndi adzukulu ndi nduna zimene zikuyenda ndi chidindo m'thumba. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu, milandu yake mpaka ku khoti. Ufumu ukatha malo udzalamulira chiyani? Anthu a m'mipanda ya njerwa sabwera ku bwalo la mfumu, ndipo bwalolo lidzakhala litagulitsidwa kale.

Malamulo alipo, vuto sitiwatsata ndipo ambiri sitiwadziwa. Lamulo la malo a m'midzi la 2016 linati kwa gulupu aliyense kukhale komiti yoona za malo. Wapampando ndi a gulupu, koma pakhale anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo atatu kapena kuposa akhale amayi. Cholinga chake n'chakuti nkhani ya malo isathere m'chipinda cha munthu mmodzi. Ndikufunseni aneba: komiti ya kwanu mukuidziwa? Munaisankha ndinu? Amayi atatu aja ndi ndani, ndipo analankhulapo liti? Palinso lamulo la nkhalango la 1997 limene limalola a mfumu kupatula malo osagawidwa kuti akhale nkhalango ya mudzi, yoyang'aniridwa ndi komiti ya anthu a m'mudzimo. Ndiye palibe amene anganene kuti tikudikira boma litipatse chilolezo. Chilolezo chinaperekedwa kale, chikusowa ndi chifuniro.

Ndipo nthawi yatha, abale. M'masomphenya a Malawi 2063 amene anakhazikitsidwa mu 2021, boma linasankha malo 8 oti akule kukhala mizinda, ndipo Liwonde ndi Mangochi ali m'gulumo. Taonani pamene pali Ulongwe: pakati pa awiriwo, pa msewu umodzi. Kaya mizindayo idzamangidwa monga akunenera kaya ayi, ogula malo anamva kale ndipo akubwera. Amene ali ndi ndalama amanunkhiza msanga kuposa ife. Tikagona zaka zisanu zokha, tidzadzuka tili m'tauni imene palibe anaikonza, yopanda bwalo, yopanda mtengo, yopanda podutsa ngolo.

Ku Kenya kunali mayi wina, Wangari Maathai. Mu 1989 boma la Moi linkafuna kumanga chinyumba cha nsanjika 60 mu Uhuru Park, malo opumirako anthu wamba pakati pa Nairobi. Mayiyo anakana. Anamutukwana, anamutcha wamisala, ena ankati mkazi adziwe malo ake. Chinyumbacho sichinamangidwe, ndipo mu 2004 mayi yemweyo analandira mphotho ya Nobel. Ndamutchula dala chifukwa cha amayi a kuno. Inu ndi amene mumapsa ndi dzuwa pamsika, inu ndi amene mumazungulira mipanda ndi ndowa pamutu, koma pa msonkhano wa malo mumakhala kumbuyo n'kumangoombera m'manja. Lankhulani, amayi. Kuno malo ambiri amayenda kuchikazi, ndi anu ndi a ana anu.

Ndiye tichite chiyani? Ine maganizo anga ndi osavuta, safuna dona kapena galimoto ya bungwe. Mudzi uliwonse umene udakali ndi bwalo, titenge chingwe masana dzuwa likuswa mtengo, a mfumu alipo, komiti ilipo, achinyamata ndi amayi alipo, tiyeze. Tikayeza tilembe: mulitali mwakuti, mulifupi mwakuti, kum'mawa lachita malire ndi uje, kumadzulo ndi uje. Pepala limenelo lisakhale limodzi, chifukwa pepala limodzi limadyedwa ndi chiswe pa nthawi yake yabwino. Lina kwa a gulupu, lina kwa a hedi a sukulu, lina ku mzikiti, lina ku tchalitchi, ndipo wina alijambule aliike pano kuti a ku Joni nawo aone. M'malire monse tibzale mitengo, chifukwa chikhomo chimazulidwa usiku koma mbawa ya zaka zisanu sungaisunthe. Chimodzimodzi dambo ndi njira za ku mjigo. Mitengo ikuluikulu ya pamsika ndi pa siteji iwerengedwe, ndipo wofuna kudula ayambe wafotokoza pagulu, osati kwa munthu mmodzi.

Za kubzala mitengo ndinenepo pang'ono. Chaka chilichonse kuyambira 15 Disembala mpaka 15 Epulo ndi nyengo yobzala mitengo. Timaona mabwana akubwera, kubzala kamtengo kamodzi atavala jombo zatsopano, kujambulitsa, kulandira alawansi, ulendo. Sabata isanathe mbuzi zadya. Kumeneko si kubzala, ndi kudyetsa mbuzi mwaulemu. Mtengo kuno umafuna kutchingira ndi minga ndi kuthirira chilimwe choyamba. Bola mitengo khumi yokhala ndi mwini wake woisamalira kusiyana ndi chikwi ya pa chithunzi. Ndipo tisamangoti bulugamu paliponse, amene amaumitsa nthaka. Nsangu, mbawa, bwemba, masau, mango, nimu, imeneyi ndi imene imapirira kuno, ina imatipatsa ndi zipatso zomwe.

A ndale nanunso. Nthawi ya kampeni mumabwera ndi mipira, mayunifomu ndi mabonanza a chikho. Zikomo, ana amasangalala. Koma mpirawo akamenyera pati? M'malo mwa chikho cha sabata ziwiri, tithandizeni kuti mabwalo alembedwe ku khonsolo kuti ndi a anthu onse, ndipo a VDC ndi ADC aike nkhaniyi pa mndandanda monga amaikira milatho ndi midadada ya sukulu. Amene adzabwere kudzapempha voti kwa ine ndidzamufunsa zimenezi pagulu, akonzekeretu.

Inu ogula malo, sindikuti musagule. Gulani, mangani, kwanu ndi kuno. Koma musanatumize ndalama pa foni funsani anthu atatu osiyana, osati wogulitsa yekha ndi mboni yake: pamenepa panali chiyani? Ana amasewerapo? Pamadutsa njira? Mvula ikagwa madzi amaima? Mukapeza mtengo waukulu pa puloti, muuzeni mmisiri asunthe nyumba pang'ono, papepala n'zosavuta. Ndipo amene Mulungu anakudalitsani kwambiri, amene mumatha kugula mapuloti asanu nthawi imodzi n'kuwasiya akumera tchire kudikira mtengo ukwere, bwanji imodzi osaipereka ku mudzi? Tidzaitcha dzina lanu ngati mukufuna, ife zimenezo sizitivuta.

Kunyumba kwanga ndafesa nsangu, mbawa ndi bwemba m'machubu, zikhala zokonzeka mvula ikakhazikika. Ndi zaulere kwa aliyense wodzabzala pa bwalo, pa sukulu, pamsika kapena pa mjigo, koma abwere atadula kale minga yotchingira, apo ayi sindimupatsa. Pa msonkhano wa mudzi ukubwerawu ndidzaimirira ndi nkhani yomweyi, ndipo chingwe choyezera ndibwera nacho ndekha. Achinyamata a timu ya mpira mudzabwere nonse, musadzatume mmodzi. Amene mukufuna kunditukwana m'munsimu, malo alipo, tukwanani, koma muyambe mwandiuza kumene mwana wanu anasewera dzulo.